Gulu la ophunzira unamwino ku Kasungu: ndani anayezapo bere la mayi weniweni?

Madam Chisale: Mwaswera bwanji nonse? Okutobala wayandikira, mwezi wokumbutsana za khansa ya m'mawere. Tagwirizana ndi a Sisita Mwale kuti inu amene muli pa pulakatiko kuno ku Kasungu muzipatsidwa mpata pa tsiku la sikelo ndi la kulera. Muziyamba ndi kuphunzitsa amayi, kenako amene avomera muziwayeza. Ndawalowetsa muno a Sisitawo, a Kamanga omwe ndi clinical officer, komanso a Zimba, mlangizi wa zaumoyo. Tisanakonze ndondomeko ndili ndi funso, ndipo mundiyankhe zoona. Ndani mwa inu anayezapo bere la mayi weniweni, kuyambira poyang'ana mpaka m'khwapa, munthu wodziwa ntchitoyi ataima pambali?

Tadala: Taswera bwino Madam. Ine zizindikiro ndinaloweza zonse. Chotupa m'bere kapena m'khwapa, nsonga ya bere kulowa m'kati, magazi kutuluka kunsonga, khungu kuchita timaenje ngati la lalanje, bere limodzi kusintha kukula kwake, chilonda chosapola.

Madam Chisale: Wakhoza Tadala. Koma ndafunsa za manja.

Tadala: Pa chidole cha ku skills lab pokha, Madam. Pa munthu ayi.

Chisomo: Ine ku postnatal, kuwodi ya amayi ongobereka kumene, mawere ndimawaona tsiku ndi tsiku, koma ndimangofuna kudziwa ngati mkaka ukutuluka komanso ngati nsonga sizinang'ambike. Zofufuza chotupa sindinachitepo.

Takondwa: Chidolecho tinali kalasi yonse pa chimodzi, ndipo aliyense ankadziwiratu pamene pali chotupa chifukwa malowo anada ndi zala za anthu. Unkangopita pomwepo n'kunena kuti wachipeza.

Yamikani: Kwa ife amuna ndiye zimavutirapo. Ukangotchula zoyeza bere, mayi amakoka chitenje n'kuyamba kuyang'ana kukhomo. Ine ndimangoitana mnzanga wamkazi n'kutuluka panja.

Sisita Mwale: Ana anga, zikomo poyankha mosabisa. Ndikuuzeni chimene chimandisowetsa tulo pa ntchito ino. Mayi amabwera atamanga nsalu pachifuwa, fungo likumveka asanakhale pansi. Ukamasula umapeza bere lonse ndi chilonda, m'khwapa muli mwanabere wolimba, mkono watupa. Ine ndikamaliza kutsuka chilondacho ndimatenga buku lake la kuchipatala n'kuliwerenga kuyambira kumbuyo. Mumakhala masikelo a ana ake onse, jakisoni wolera miyezi itatu iliyonse, malungo, BP, nthawi zina ngakhale VIA, kuyeza khomo la chiberekero kuja. Mayi ameneyu sanatibisalire ayi. Wakhala akubwera kwa ife anamwino zaka ndi zaka, ndipo palibe tsamba limodzi lolembedwa kuti mawere anayezedwa. Anthu amakonda kunena kuti amayi akumudzi amachedwa kubwera kuchipatala. Ena amachedwadi. Koma ambiri anali nafe m'chipinda chimodzi chotupa chikadali chaching'ono, ife tili kalikiliki ndi kudzaza rejisitala.

Pemphero: Eee, a Sisita, zimenezo zandilasa mtima.

Madalitso: Ndifunse nawo Madam. Khansa ya khomo la chiberekero tili ndi poyambira. Katemera wa HPV, kachilombo koyambitsa khansayo, alipo kuyambira 2019 kwa atsikana a zaka 9, VIA ilipo, ndipo tikapeza malo okayikitsa amawotchedwa khansa isanayambe. Nanga ya m'mawereyi tikaima pamaso pa amayi tikanena kuti apewe bwanji? Katemera kulibe. Kachilombo koyambitsa sikadziwika. Ine ndikuopa kukalonjeza zinthu zoti sitingathe.

A Kamanga: Funso labwino achimwene, ndipo musalonjezedi. A WHO, bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, amanena kuti pafupifupi theka la amayi amene amapezeka ndi khansa imeneyi alibe chiopsezo china chilichonse kupatula kuti ndi akazi ndipo zaka zikupita. Choncho mayi akhoza kukhala wosamwa, wosasuta, wolima yekha munda wake, wayamwitsa ana asanu, n'kudwalabe. Zimene zimachepetsako chiopsezo zilipo: kusamwa mowa, kusanenepa kwambiri makamaka akasiya kusamba, kugwiritsa ntchito thupi, kupewa fodya, ndi kuyamwitsa nthawi yaitali. Zinazo munthu sangazisinthe, monga msinkhu, kutha msinkhu msanga, kuchedwa kusiya kusamba, kapena kubadwira m'banja lomwe mayi kapena mchemwali anadwalapo. Ndiye zochepetsa chiopsezozo muzinene ndithu, koma mphamvu zanu zambiri zipite pa kuipeza ikadali yaing'ono. Kumayiko olemera amayi oposa 90 pa 100 alionse amakhala ali moyo pakatha zaka 5 chipezekereni nayo. Ku South Africa ndi 40 okha. Matenda ndi omwewo, kusiyana kwagona pa nthawi yomwe apezeka ndi chithandizo chomwe chatsatira.

Tadala: Za kuyamwitsazo ine ndinawerenga kuti miyezi 12 iliyonse imene mayi wayamwitsa imatsitsa chiopsezo ndi pafupifupi 4 pa 100. Amayi akuno amayamwitsa mpaka zaka ziwiri mwana aliyense. Ndi nkhani yowalimbikitsa imeneyo.

A Kamanga: Zoona, koma muisamale poinena. Ndinakumanapo ndi mayi amene anakhala ndi chotupa chaka chathunthu osadandaula, ati iye wayamwitsa ana ambiri ndiye sichingakhale khansa. Anamva theka la uthenga.

Pemphero: Nanga za kulera? Kuchipatala komwe ndili amayi afunsa kale kuti jakisoni ndi mapiritsi sizibweretsa khansa? Ine ndinangoti ayi, koma mumtima ndinali ndi chikayiko.

A Kamanga: Njira zolera za mahomoni zimakweza chiopsezo pang'ono kwambiri pa nthawi imene mayi akuzigwiritsa ntchito, ndipo akasiya chimatsika pang'onopang'ono mpaka kubwerera mwakale. Kwa mayi wa zaka 25 chiopsezo chake n'chochepa kale, ndiye kukwerako sikufika poti asiye kulera. Kutenga mimba pafupipafupi kuli ndi ngozi yaikulu kuposa pamenepo. Amene sitimpatsa njira za mahomoni ndi amene wapezeka kale ndi khansa ya m'mawere. Ndipo mayi amene ali ndi chotupa chosadziwika bwino ayezedwe msanga. Apa ndiye mukuona chifukwa chake pa kulera payenera kukhala kuyeza mawere.

A Zimba: Ndilowepo pang'ono, ine wa kumudzi. Zimene mukamve kwa amayi si za mahomoni zokha. Akuuzani kuti khansa imabwera chifukwa choika ndalama m'kamisolo, makamaka zachitsulo. Ena akuti foni. Ena amati mwana akageyera pa bere limatupa. Ena amati ndi mkaka umene unatsalira mwana atamwalira kapena atasiya kuyamwa mwadzidzidzi. Ndipo chotupa chosapweteka ambiri amati n'cholodzedwa, amayamba kaye kwa asing'anga kukatemera mphini. Chonde musakawaseke. Mukangoseka kamodzi, sabata yotsatira benchi idzakhala yopanda anthu.

Chisomo: Ndiye tikayankhe bwanji a Zimba? Chifukwa ndalama m'kamisolo ngakhale agogo anga amasunga momwemo.

A Zimba: Ine ndimati, “Amayi, ndalama ndi foni sizibweretsa khansa, sungani m'mene mumasungiramo. Koma poti dzanja limapita kumeneko tsiku lililonse, likakhudza chachilendo mubwere.” Amaseka okha, koma amamva.

Madam Chisale: Mfundo ya chotupa chosapweteka ija muigwiritse. Anthu amabwera kuchipatala chifukwa cha ululu, pomwe khansa ya m'mawere nthawi zambiri imayamba mosapweteka. Uthenga umenewu ukhale woyamba kutuluka pakamwa panu. Wachiwiri, zotupa zambiri za m'mawere si khansa, makamaka kwa atsikana. Mukanena woyamba wokha anthu achita mantha n'kubisala. Mukanena wachiwiri wokha akhala phee kunyumba.

Takondwa: Madam, ine ndakonza kale tchati cha kudziyeza wekha mwezi ndi mwezi. Patatha masiku ochepa mayi atamaliza kusamba, aime pagalasi, akweze manja, kenako agone chagada adzipapase. Osiya kusamba asankhe tsiku limodzi pamwezi. Ndimaganiza kuti phunziro lonse likhale limeneli.

Madalitso: Takondwa, galasi lalikulu loti munthu adzione chifuwa chonse ulipeza m'nyumba zingati ku Chulu kapena ku Wimbe?

Takondwa: Aise, posamba munthu amadziona ndithu ngakhale popanda galasi. Usandigwetse ulesi.

Madam Chisale: Nonse muli ndi mfundo, koma pali china chimene sitinachikambe mokwanira m'kalasi. Ku Shanghai, m'dziko la China, anachita kafukufuku pa amayi oposa 260,000 ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu. Theka linaphunzitsidwa mwakhama kudziyeza okha, theka lina ayi. Zotsatira zinatuluka mu 2002: imfa za khansa ya m'mawere zinali chimodzimodzi mbali zonse ziwiri, kungoti ophunzitsidwawo anapeza zotupa zambiri zosaopsa n'kuchitidwa maopaleshoni ang'onoang'ono ochuluka. Tsono ku Mumbai, ku India, anayesa njira ina. Amayi oposa 150,000 a zaka 35 mpaka 64, ena mwa iwo ankayezedwa mawere zaka ziwiri zilizonse ndi azaumoyo a m'madera ophunzitsidwa bwino. Anawatsatira zaka 20, ndipo zotsatira zinasindikizidwa mu 2021. Khansa inkapezeka isanafike patali, ndipo mwa amayi a zaka 50 kupita m'tsogolo imfa zinatsika ndi pafupifupi 30 pa 100. Analibe makina ojambula mawere otchedwa mammogram pa ntchito imeneyo, anali ndi manja ophunzitsidwa komanso njira yotumizira odwala kuchipatala chachikulu.

Takondwa: Ndiye tchati changa nditaye Madam? Ndachijambula usiku wonse.

Madam Chisale: Usataye mwana wanga. Kuno kwathu pafupifupi chotupa chilichonse amayamba kuchipeza ndi mwini wake, choncho mayi ayenera kudziwa m'mene mawere ake amakhalira masiku onse kuti chikasintha azindikire. Chimene ndikukana ndi kuganiza kuti tikaphunzitsa kudziyeza ndiye tamaliza, ntchito yonse taisenzetsa mayi. Pansi pa tchati chakocho ulembe kuti akapeza chachilendo abwere sabata yomweyo, ndipo akabwera apeze namwino wodziwa kuyeza.

Sisita Mwale: Ndipo musadziderere. Ku Malawi konkuno, ku Lilongwe, anaphunzitsapo amayi wamba, osati anamwino, kuyeza mawere m'zipatala, ndipo anayeza amayi 1,000. Lipoti lake linatuluka mu 2016. Ngati iwo anatha, inu a zaka zitatu m'kalasi mungalephere bwanji?

Tadala: A Sisita, tafotokozani m'mene inuyo mumayezera. M'buku muli zithunzi koma sizikundikhala m'mutu.

Sisita Mwale: Chabwino, koma kuwerenga pafoni sikulowa m'malo mwa kuchita. Choyamba ndi malo. Tsekani chitseko kapena ikani sikirini, ndipo pawindo pasakhale anthu osuzumira. Mufotokozereni mayi chimene mukufuna kuchita ndi chifukwa chake, avomere ndi pakamwa pake. Sambani m'manja, ndipo m'mawa kukazizira muwatikite kaye afunde. Mayi akhale tsonga atavula kumtunda. Yang'anani manja ake ali m'mbali, kenako atakweza m'mwamba, kenako atagwira m'chiuno n'kukanikiza. Pokweza manja ndi pamene kakhungu kolowa m'kati kamaonekera, kamene simukanakaona atangokhala. Mawere olendewera muwatukule muone kunsi. Ambiri amaiwala kumeneko.

Kenako agone chagada, dzanja la mbali imene mukuyeza aliike kunkhongo, ndipo pansi pa phewa muikepo chitenje chopinda kuti bere liyalike pachifuwa. Ngati akudandaula bere limodzi, yambani ndi labwinolo kuti zala zanu zidziwe thupi lake. Gwiritsani ntchito mimba za zala zitatu zapakati, osati nsonga zake, ndipo musatsine bere pakati pa chala chachikulu ndi zinzake, chifukwa mukatero chilichonse chimamveka ngati chotupa. Pamalo alionse zungulizani zala katatu: mopepuka, mokanikizako, kenako mozama mpaka mumve nthiti. Yendani mizere yotsika ndi kukwera, kuchokera pa fupa la pansi pa khosi mpaka kunsi kwa bere, kuchokera pakati pa chifuwa mpaka m'mbali mwa khwapa, osadumpha malo, osanyamula zala. Chigawo chakumtunda cholowera kukhwapa muchedwepo, khansa zambiri zimayambira kumeneko. Pomaliza m'khwapa, mkono wake utatsamira pa wanu kuti minofu ifewe, ndiponso pamwamba pa fupa la pakhosi lija. Mukamaliza mawere onse awiri pa mphindi imodzi, dziwani kuti simunayeze.

Chisomo: Ndasunga uthengawu. Nanga ndikapeza kanthu ndilembe chiyani? Ndimaona m'mabuku mongolembedwa kuti “breast lump” basi.

A Kamanga: Kalata yotero imandivuta kwambiri ikandipeza. Lembani bere liti, mbali iti potengera manambala a wotchi, kutalika kwake kuchokera kunsonga, kukula kwake m'masentimita, cholimba kapena chofewa, chikuyenda kapena chamatirira, chikupweteka kapena ayi, khungu lili bwanji, m'khwapa muli chiyani, ndipo chakhala nthawi yaitali bwanji. Tepi yoyezera mimba ija imagwiranso ntchito pamenepa. Kukula kuli ndi tanthauzo: chosapitirira masentimita 2 ndi gawo lina, 2 mpaka 5 lina, kupitirira 5 linanso. Amene adzamuone mwezi wamawa adzadziwa ngati chakula pokhapokha inu mutalemba nambala lero. Kwa mtsikana wa zaka 19 kachotupa kosalala, kothawathawa pansi pa zala, nthawi zambiri kamakhala fibroadenoma, kosaopsa. Kwa mayi wa zaka 45 cholimba, cha m'mphepete mosalongosoka, chosasuntha, chimenecho musagone nacho. Koma ngakhale cha mtsikanayo chionedwe ndi ife. Zala sizipereka chigamulo. Chotsimikiza ndi kutenga kanyama kukayeza ku labu.

Yamikani: Ine funso langa lija likadalipo. Zonsezi ndazimva, koma mayi akakana kuti mwamuna asamugwire?

Sisita Mwale: Akakana, wakana, ndi ufulu wake, muitanireni wamkazi tsiku lomwelo, osati kumuuza kuti adzabwerenso. Koma iwe Yamikani, amayi omwewo umawabereketsa ku leba. Chimene chimawathawitsa kawirikawiri ndi manyazi ako. Ukayamba kuyang'ana pansi n'kumachita chibwibwi, naye amaona kuti pali cholakwika. Lankhula momveka: “Mayi, lero tikuyeza mawere a amayi onse kuti tione ngati muli chotupa. Mukandilola ndikuyezani ine, a nesi awa akhala pompano. Mukafuna wamkazi, nenani.” Wamkazi woima pambaliyo asasowe, amateteza mayiyo komanso iweyo. Ukadzatumizidwa ku health centre ya kutali udzapezeka uli namwino yekhayo pa shifiti. Amayi a kumeneko adzayezedwa ndi ndani?

Yamikani: Ndamva a Sisita. Mundiike m'gulu loyamba.

Madalitso: Tisaiwalenso kuti amuna nawo imawagwira. Pafupifupi m'modzi pa odwala 100 alionse ndi mwamuna.

A Zimba: Zimenezo mukadzabwera ku msonkhano wa kwa amfumu mudzazinene, chifukwa abambo akamva kuti ndi za mawere amanyamuka kupita ku bawo. Ndipo tikuwafuna akhalepo, poti ndalama ya thiransipoti ili m'thumba mwawo.

Pemphero: Pali china chikundivuta kuyambira pamene a Sisita analemba uthenga woyamba uja. Kuno kunabwera mayi woyamwitsa, bere lofiira, lotupa, lotentha. Anapatsidwa maantibayotiki. Atabweranso anapatsidwa ena. Ine ndinamuona ulendo wachitatu, thupi silinali lotentha, koma khungu la bere linali lokhuthala, lili ndi timaenje tija. Anamulembera mankhwala enanso n'kupita. Ine monga wophunzira sindinayankhule kanthu. Kodi chinali chithupsa chabe?

A Kamanga: Sindinganene osamuona, koma zimene wafotokozazo zikufunika kuti apezedwe. Kutupa kwa bere kwa mayi woyamwitsa kumabwera ndi kutentha thupi ndi ululu, ndipo akalandira mankhwala oyenera n'kumapitiriza kuyamwitsa kumasintha m'masiku ochepa. Ngati muli mafinya amachotsedwa. Koma pali mtundu wa khansa umene subwera ndi chotupa chogwirika, umangofiiritsa ndi kutupitsa bere lonse, ndipo umathamanga. Lamulo langa ndi ili: bere lofiira lomwe silinasinthe pakatha sabata imodzi kapena ziwiri za mankhwala litumizidwe, lisapatsidwe mankhwala achitatu. Ngati mayiyo sakuyamwitsa n'komwe, kukayika kuyambe tsiku loyamba. Kukhala ndi mimba kapena kuyamwitsa sikutchinga khansa.

Madam Chisale: Pemphero, dzina lake kapena chithunzi usaike muno. Wayimbire a Sisita pambali. Ndipo nonse mumve: wophunzira ali ndi pakamwa. Ukhoza kufunsa mwaulemu kuti, “Kodi ameneyu sitingamutumize akamuone akuluakulu?” Palibe angakudzudzule pa funso lotero, ndipo wina akatero undiuze ine.

Pemphero: Ndiwayimbira ndikaweruka, Madam.

Madalitso: Tsopano ndifunse chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri. Tiyerekeze taphunzira, tayeza amayi ambiri mu Okutobala, tapeza zotupa. Kenako? Ku health centre timutumiza ku chipatala cha boma pa Kasungu. Kumeneko akaona kuti n'zokayikitsa amutumiza ku Kamuzu Central, makilomita pafupifupi 130 kuchokera pa boma, osawerengera kabaza wochokera kumudzi. Akatenge kanyama, abwerere, adikire zotsatira, apitenso. Ngati mayiyo alibe ndalama, tangomupatsa mantha n'kumusiya. Kodi si nkhanza zimenezo?

A Zimba: Achimwene mwakhudza penipeni. Ndipo onani mwezi wake. Okutobala ndalama za fodya zatha, msika wa ku Chinkhoma watsekedwa, kandalama kotsala kakudikira feteleza. Mayi akauza bambo kuti akufunika ku Lilongwe, yankho limakhala lakuti tidikire tigulitse fodya. Kumeneko ndi Epulo. Miyezi isanu ndi umodzi chotupa chikukula. China ndi mantha a mpeni. M'midzi anthu amati akakudula bere ndiye wapita. Ali ndi chifukwa chonenera choncho, poti amene anawaona akudulidwa anapita matenda atafalikira kale, anabwera n'kumwalira patapita miyezi yochepa. Anthu anaona opaleshoni kenako maliro. Ena amaopa kuti banja litha.

Tadala: Ndiye mwina Madalitso akunena zoona, tingophunzitsa osayeza?

Sisita Mwale: Ayi mwana wanga. Chotupacho chilipo kaya tachigwira kaya sitinachigwire. Tikapanda kuyeza, mayiyo adzapitabe ku Lilongwe, koma adzapita mochedwa, pa ambulansi, ndipo banja lidzagulitsa mbuzi zomwezo. Koma Madalitso wanena zoona pa chinthu chimodzi: kuyeza kopanda kulondola n'kosakwanira. N'chifukwa chake ine sindilola kuti tiyambe tisanagwirizane za amene azilondola.

Madam Chisale: A WHO anakhazikitsa ndondomeko ya khansa ya m'mawere mu 2021, ndipo ili ndi manambala atatu oti muwasunge. Odwala 60 pa 100 alionse azipezeka matenda ali pa siteji 1 kapena 2. Kuchokera tsiku limene mayi wafika kuchipatala koyamba, zoyeza zonse zithe pasanadutse masiku 60. Ndipo 80 pa 100 alionse amalize chithandizo chawo.  Nambala yoyamba ija ndi yapakatiyo zimayambira pa tebulo la namwino. Masiku 60 amayamba kuwerengedwa tsiku limene iwe wagwira chotupa.

Chisomo: Nanga pomuuza mayiyo tinene mawu otani? Ine ndikhoza kuyamba kulira naye limodzi.

Sisita Mwale: Mawu awiri oletsedwa: “ndi khansa” ndi “palibe vuto”. Onse awiri sukuwadziwa. Umuuze kuti, “Mayi, ndapeza chotupa apa, gwirani nanu mumve. Zotupa zambiri sizikhala khansa, koma sitingadziwe ndi manja okha. Mukufunika kukaonedwa sabata ino.” Umufunse kuti kunyumba akambirana ndi ndani, ndipo ngati akufuna, bambo kapena mchemwali wake abwere timufotokozere tonse. Akafunsa za kudula bere usazembe. Umuuze kuti chithandizo chimatengera zotsatira, pali opaleshoni, pali kemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa, pali mapiritsi ngati tamoxifen omwe ena amamwa zaka zisanu, ndipo amene ayamba msanga ambiri amachira n'kulera ana awo. Misozi ikabwera si mlandu, koma kalata ilembedwe.

A Kamanga: Kumbali yanga, aliyense amene mwamupeza ndi chotupa mu Okutobala musamuike pa mzere wa OPD. Mundiyimbire, ndimuona tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo ofunika sikani ndiwakonzera. Za thiransipoti ndikakamba ndi akuluakulu kuti ngati galimoto ikupita ku Lilongwe ndi odwala ena, otere azikwera nawo. Sindikulonjeza, ndikubweretserani yankho.

Takondwa: Madam, nanga poyeserera? Chidole chili kukoleji, ife tili kuno.

Madam Chisale: Tipanga zathu. Aliyense abwere ndi sokosi yoyera, thonje kapena siponji, ndi timiyala tosalala tosiyana kukula, tina tating'ono kwambiri. Wina abise, wina afufuze atatseka maso, ndipo anene kukula kwake asanatsegule. Mukatero muyezana nokhanokha amene ali omasuka, palibe wokakamizidwa. Kenako aliyense ayeze amayi enieni a Sisita akuona, ndipo asayine m'buku lanu la pulakatiko. Wopanda siginecha imeneyo aziphunzitsa pa benchi, koma kuseri kwa sikirini salowa yekha. Tikumana Lachinayi 2 koloko masana.

Madalitso: Funso lomaliza kwa ine. Pulakatiko yathu ikutha mu Novembala. Amayi amene tawatumiza adzawatsatira ndani ife titabwerera kukoleji?

Sisita Mwale: Tigula hadikava imodzi, izikhala mu kabati yanga yokiya. Mayi aliyense wotumizidwa alembedwe: tsiku, zimene zapezeka, kumene watumizidwa, nambala ya foni yake kapena ya wachibale, ndi malo opanda kanthu olembapo zotsatira. Lachisanu lililonse ndiziitsegula. Amene padutsa masabata awiri osamveka, dzina lipita kwa a Zimba kapena mlangizi wa dera lakelo. Musanachoke mudzandisiyira mayina onse amene malo a zotsatira akadali opanda kanthu.

Yamikani: Hadikavayo ndigula ine mawa, ndikudutsa kumsika.

A Zimba: Polemba m'bukumo muwonjezere mizere iwiri. Wina wa dzina la mudzi ndi nyakwawa yake, chifukwa mafoni ambiri amakhala ozima kapena ndi a mwamuna. Wina wa dzina limene mayiyo amadziwika nalo kwawo. La m'buku la kuchipatala nthawi zambiri ndi la pa ubatizo, ukafunsa m'mudzi anthu amangoyang'anana. Mufunseni kuti kwanu amakuitanani ndani, kaya Nabanda, kaya Naphiri, kaya make uje. Ndipo mumufunsenso ngati walola kuti mlangizi afike pakhomo pake, poti ena safuna apongozi adziwe zotsatira zisanatuluke.